Bambo Likhutcha, Mlonda wa Makompyuta Anayi

Bambo Likhutcha tinawaika m'manda Lachinayi la sabata yatha, kumudzi kwa mwana wawo wamkazi kuseri kwa Chitakale, ndipo ndinapezeka ndikuseka pa maliro. Sindinali ndekha. Mkulu wa mpingo ali mkati mowerenga mbiri yawo, mwamuna wina kumbuyo ananong'ona kuti lero pa geti la kumwamba pali mkangano, chifukwa madalawo sangalowe asanaone chitupa cha mngelo amene akuwatsegulira. Azimayi a kwaya anabisa nkhope m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka. Mwana wawo yemwe, misozi ili mbwembwembwe, anaseka nawo.

Ine ndili ndi kashopu pafupi ndi siteji ya minibasi, ka makompyuta anayi ndi makina a fotokope. Anthu amabwera kudzalembetsa makalata, kudzaona zotsatira za mayeso, kudzadzaza mafomu a sukulu pa intaneti. Bambo Likhutcha ndinawalemba ntchito yoyang'anira njinga za makasitomala pakhonde, masana okhaokha, atapuma kale ntchito ya pageti ku esiteti ina ya tiyi. Ntchito ya makompyuta sindinawalembe. Imeneyo anadzilemba okha, ndipo anaigwira mouma mutu kotero kuti inatsala pang'ono kuwamana chinthu chimodzi chimene ankachilakalaka kuposa zonse: kuona nkhope ya mlongo wawo Rozalina, amene anamusiya ku Mozambique ali kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri.

Anali munthu wamfupi, wa miyendo yotupatupa, wa chipewa chaubweya chimene sankavula ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Ankayamba ndi iwo kufika pashopu tsiku lililonse. Ine pofika ndinkapeza khonde atasesa, iwo ataima pakhomo ngati akudikira galimoto ya bwana wamkulu, buku lachikuto cholimba lili m'khwapa, pensulo ikulendewera pa ulusi. Ankanditcha abwana pofuna kundiseka, ndipo akati mwananga ndinkadziwa kuti nkhani yakula. Tiyi ankamwa wopanda shuga n'kumamunyoza kuti wathyoledwa mochedwa. Masana ankasenda chinanazi ndi kampeni kawo, n'kugawira aliyense amene ali pakhondepo, koma akamufunsa kaye dzina ndi kumene akuchokera.

Za ku esiteti ankakonda kusimba imodzi. Bwana watsopano anafika pageti tsiku lake loyamba, kukugwa chiperoni, alibe pepala lililonse m'manja. Bambo Likhutcha anamupatsa moni bwinobwino, n'kumuuza kuti adikire. Munthuyo analiza hutala, anatuluka, ananyowa, anakalipa m'Chingerezi. Iwo anatuma munthu ku ofesi kukafunsa, ndipo geti linatsegulidwa yankho litabwera. Ankamaliza nkhaniyo ndi kunena kuti munthu wabwino sakwiya nthawi yaitali ukamufunsa dzina, ndipo bwanayo anadzakhala mnzawo. Chingerezi chawo anachiphunzira pomwepo, powerenga mapepala a madalaivala. Polankhula chinkatsimphina, koma powerenga sankadumpha chilembo.

Chaka changa choyamba makompyuta ankangodwaladwala. Munthu akatsegula tsamba limodzi, ena asanu ankadzitsegukira okha, ena a juga, ena oti sungawaone apongozi ali pafupi. Ndinaitana a Hawa, mmisiri wa makompyuta wa ku Limbe, mayi wosachulutsa mawu. Atakhala pa kompyuta yoyamba anandifotokozera kuti masamba ena a pa intaneti sayenda okha. Amabwera ndi timapulogalamu tating'ono tofuna kulowa m'kompyuta mwako kuti uone kanema, umve nyimbo kapena udzaze fomu. Amisiri amatitcha mapulagini. Tina ndi tabwino, tina timalowa ndi mavairasi. Tikafuna kulowa, pasikirini pamatuluka kabokosi kofunsa ngati ukulola.

"Ndiye pano amene amadina yesi ndani?" anafunsa a Hawa.

Yankho linali lakuti tonse. Tsiku lomwelo tinadzionera tokha. Mayi wina wa ku mpingo kwathu, amene ankatumiza uthenga kwa mwana wake, kabokosi katamutulukira anadina yesi mosachedwa n'komwe. A Hawa atamufunsa chifukwa chake, mayiyo anadabwa ndi funsolo.

"Nanga munthu wapempha mwaulemu, walemba mpaka pulizi. Ndimukanize? Si mmene tinaleredwera ife."

Tinaseka, koma ndi mmene tilili kuno. Munthu akati odi, timati lowani tisanaone nkhope. Kukana timakuona ngati mwano, ndipo mwanowo tinkaopa kuuchitira ngakhale kabokosi.

A Hawa anatsegula malo a chitetezo m'bulawuza, pulogalamu imene timatsegulira masamba ija. Anationetsa kuti pa mtundu uliwonse wa pulagini pali zosankha zitatu: kuletsa, kulola, kapena kufunsa kaye. Pali mapulagini obwera ndi chidindo chosonyeza dzina la amene anawapanga, pali ena osadziwika mwini wake. Palinso mndandanda wa masamba odalirika, umene umalemba wekha, ndi kachinthu kokweza ndi kutsitsa chitetezo chonse nthawi imodzi. Kwanga kanali pansi penipeni. Sindinadziwe kuti Bambo Likhutcha asiya njinga panja mpaka nditamva mpweya wawo paphewa panga.

"Pepani amayi," anatero kwa a Hawa. "Ndiye mukuti chinthuchi chili ndi geti?"

"Chili nalo, bambo. Kungoti lakhala lotsegula."

Anandiyang'ana ngati ndaiwala mwana pamsika. Kenako anatsegula buku lawo, n'kupempha a Hawa kuti abwereze zonse pang'onopang'ono.

Kuyambira pamenepo makompyuta anga anapeza mlonda. Mapulagini anawatcha aganyu, chifukwa amafika pakhomo n'kumati atumidwa ndi uje. Kachinthu kokweza ndi kutsitsa kaja anakatcha mpiringidzo. Malamulo awo anali atatu basi. Waganyu wopanda chidindo asalowe, ndipo asafunse n'komwe. Wa chidindo afunse kaye, ndipo wodina akhale iwo, atawerenga dzina mokweza n'kuliyerekeza ndi la m'buku. Masamba odalirika akhale ochepa: la zotsatira za mayeso ndi a mafomu a sukulu, amene a Hawa anawavomereza. M'mawa uliwonse akatha kusesa ankazungulira makompyuta onse anayi kuona ngati wina watsitsa mpiringidzo. Mausi ankaigwira ndi manja awiri. Ankakonda kunena kuti geti silitsekedwa chifukwa chodana ndi anthu, koma kuti wolowa adziwike.

Mdani wawo wamkulu anali aphunzitsi a Mangani, a pa pulayimale ina chakufupi, amene ndi omwe ananong'ona za mngelo pa maliro paja. A Mangani amakonda mpira kuposa ndiwo. Akaweruka ankabwera kudzaonera zigoli za dzulo lake, ndipo masamba a zigoli ndi amene amadzaza ndi aganyu opanda chidindo. Munthu wophunzira, sanavutike kupeza mpiringidzo. Ankadikira kuti njinga ina ifike pakhonde, n'kuutsitsa mwakachetechete.

"Aphunzitsi, geti ili ndani watsegula?"

"Madala, ine ndimaphunzitsa sayansi. Chigoli chimodzi sichingaphe kompyuta."

"Kusukulu kwanuko, munthu akafika n'kunena kuti ndine malume ake a mwana uyu, mumangomupatsa mwanayo?"

"Zimenezo ndi zina."

"Ndi zomwezo. Dzukani ndikonze."

Ankakangana motero pafupifupi tsiku lililonse, kenako n'kukakhala pakhonde kudya chinanazi chimodzi, akunyozana za matimu. A Mangani tsiku lina akapanda kubwera, madalawo ankasuzumira kumsewu n'kumadandaula kuti lero shopu yazizira.

Nanenso ndinalimbana nawo, ndipo ndine wosachedwa kupsa mtima. Makasitomala ena anayamba kupita kwina kumene chilichonse chimatseguka. Ndinawauza madalawo kuti shopu ndi yanga, iwo za njinga. Sanamve. Ndinawalembera kalata yowachotsa ntchito, yotaipa bwino pa kompyuta yomwe ankailonderayo. M'mawa mwake ndinawapeza pakhomo, khonde atasesa. Anatulutsa kalatayo m'buku n'kundionetsa pansi pake ndi chala. Ndinali nditaiwala kusaina.

"Abwana, pepala ili silikudziwika mwini wake. Sindingalilole."

Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi pa sitepe, ndipo nkhani yochotsana inathera pomwepo. Zoona zake n'zakuti kuchokera pamene anayamba kulondera, a Hawa ankatha miyezi osaitanidwa, ndipo makolo ankabweretsa ana awo kwanga podziwa kuti pasikirini sipatulukira zamanyazi.

Za mlongo wawo anandiuza mochedwa, pang'onopang'ono. Anachoka kwawo, kuseri kwa Milange, ali mnyamata, kuthawa ntchito yokakamiza ya nthawi ya Apwitikizi. Rozalina anawatsatira mpaka pamtsinje akulira, ndipo iwo anamunamiza kuti abwerako mvula isanagwe. Anapeza ntchito ku tiyi, anakwatira, zaka zinapita. Nkhondo itabwera kwawoko mudzi wonse unabalalika, ndipo atapita kukafufuza anapeza tchire. Sanasiye kufunsa. Wamalonda aliyense wa ku Mozambique amene ankabwera kudzachita fotokope mapepala ake, iwo ankamupatsa chinanazi n'kumutchulira dzina la mlongo wawo, la bambo awo ndi la mudzi. Ine ndinkamva chisoni, ndinkaona ngati akungodzizunza.

Mayi wina wogulitsa zitenje ndi amene anatenga mainawo n'kupita nawo kutali. Patatha miyezi, foni yanga inalira nambala yachilendo. Anali mayi wotchedwa Ameliya, namwino wa ku Nampula, mdzukulu wa Rozalina. Bambo Likhutcha analankhula naye m'Chilomwe, chimene ine ndimangotolamo mawu awiri atatu, kenako gogoyo anapatsidwa foni. Ndinkayembekeza kulira. M'malo mwake madalawo anamvetsera, nkhope ikusintha, kenako anaseka chikhakhali mpaka kutsokomola.

"Akuti mawu awa ndi a nkhalamba, sakuwadziwa," anandiuza atadula. "Akuti aliyense angathe kutchula maina. Mchimwene wake ali ndi chizindikiro pathupi, koma sanena kuti n'chiyani, kuopa kuti ndinganame. Akufuna aone ndi maso." Anapukuta misozi ya kusekayo. "Ameneyu ndi wakwathu ndithu."

Ulendo wa ku Nampula sakanautha, miyendo ija inali itawakanika kale. Gogoyonso anali ndi nthenda ya mtima, ndipo Ameliya, monga namwino, sanabise. Anati ngati n'kuonana, kuchitike msanga. Nthawi imeneyo mafoni oonerana nkhope anali a anthu ochepa, kwathu kuno ndi kwawoko komwe. Ameliya anapempha kompyuta ya ku ofesi ya parishi yawo, ola limodzi Loweruka, kuyambira thu koloko, ndipo anatitumizira adiresi ya tsamba loonerana pa kamera. Ine ndinagula kakamera n'kukaika pa kompyuta ya pawindo.

Loweruka limenelo Bambo Likhutcha anabwera atavala jekete ya ku esiteti, nsapato zikuwala. Nkhani inali itamveka, moti m'shopu munadzaza: a Mangani, azimayi ogulitsa nthochi pasiteji, makasitomala amene anaiwala zimene anabwerera. Thu koloko itakwana ndinatsegula tsambalo. Pamene panayenera kukhala nkhope panali bokosi lakuda. Pamwamba panali kamzere kachikasu konena kuti tsambali likufuna pulagini, dzina lake lili pomwepo, koma chitetezo chaletsa. Pambali panali batani lalikulu lobiriwira, likuphethira, likuti dinani pano kuti muone kanema.

A Mangani anadina lobiriwiralo asanafunse munthu. Kompyuta inachenjeza kuti chimene chikufuna kulowacho mwini wake sakudziwika, ndipo inakana.

"Tsitsani mpiringidzo, madala," anatero a Mangani. "Lero lokha."

Dzanja lawo linali likupita kale ku mausi. Bambo Likhutcha anawagwira pamkono, osati mwaukali, n'kulibweza.

"Pali aganyu awiri pageti," anatero. "Onse akuti atumidwa ndi munthu mmodzi. Wina alibe dzina. Winayu ali nalo, koma m'buku mwanga mulibe."

"Lolani wa dzinayo basi," ndinatero ine. "Bambo, nthawi ikutha."

"Imbirani a Hawa."

Ndinaimba kanayi. Foni yawo inali yozimitsa. Mphindi zinkapita. Azimayi a nthochi anayamba kuwachonderera, wina anagwada. Foni yanga inalira, Ameliya akufunsa chimene chavuta, akuti vovo, kutanthauza gogo wakeyo, wakhala kale pampando, wavala mpango wake wa ku tchalitchi. Ine mutu unaima. Ndinawauza kuti makompyuta ndi anga, akafa afe, ndidzaitana mmisiri.

"Mwananga," anatero, maso ali pa bokosi lakudalo, "mabokosi ndi anu, koma zam'katimo si zanu. Muli mafomu a ana a eni, muli makalata a anthu opita kukhoti, ndipo anayi onsewa ndi olumikizana. Ndikatsegulira munthu wosamudziwa chifukwa choti lero wolira ndine, mawa mnzangayu ndidzamukaniza ndi pakamwa pati?"

A Mangani anayang'ana pansi. Ine sindinayang'ane pansi ayi. Ndinalankhula mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinawafunsa kuti nanga mlongo wawoyo akamwalira sabata ino, adzalira ndi bukulo?

"Zimenezo ndaziganiza inu musanaziganize," anayankha motsitsa.

Fili koloko inakwana. Analankhula ndi Ameliya pafoni, n'kupempha Loweruka linalo. Anthu anatuluka mmodzimmodzi. Iwo anakhala pansi n'kukopera m'buku zonse zimene zinali pasikirini, za kamzere kachikasu ndi za batani lobiriwira, chilembo ndi chilembo. Ine ndinatseka shopu osawatsanzika.

Lolemba sindinawapeze pakhomo, koyamba chiwalembereni ntchito. Kondakitala wina anandiuza kuti wawaona akukwera minibasi yoyamba ya ku Limbe, munthu amene ankavutika kukwera sitepe ya shopu yanga. A Hawa anadzandisimbira pambuyo pake kuti anangoona nkhalamba yaima pakhomo pawo, buku lili m'khwapa, ikupepesa kuti nkhani ya pageti siyikambidwa pafoni. Anawaonetsa zonse pa kompyuta yawo. Batani lobiriwiralo silinali la tsambalo n'komwe, linali la otsatsa malonda achinyengo, ndipo likanalowa nkhope sitikanaiona, koma mavairasi. Wa kamzere kachikasu ndiye anali woona.

Madalawo anabwerako chakumadzulo dzuwa lisanalowe, atatopa, atanyamula buledi wa ine amene ndinawanyoza. Komabe sanathamangire kudina. Anandiuza ndiimbire Ameliya kuti awerenge dzina la pulagini imene ili pa kompyuta ya kwawoko. Linafanana ndi la m'buku. Pamenepo anakhala pa kompyuta ya pawindo, iyo yokha. Mpiringidzo sanaukhudze. Analemba adiresi ya tsambalo pa mndandanda wa odalirika, n'kusankha kuti ngakhale pamenepo, wa chidindo azifunsa kaye. Tsamba litatsegulidwanso kabokosi kanatuluka. Anawerenga dzinalo mokweza, anaona m'buku, anawerenganso, n'kudina yesi ndi manja awiri. Patapita kanthawi bokosi lakuda lija linayera, ndipo tinadziona tokha, ine ndi iwo, titatong'ola maso. Anadzidzimuka n'kukonza chipewa.

Sabata imeneyo inali yaitali. Chinanazi ankasenda n'kugawa chonse, iwo osalawa. Lachinayi Ameliya anatiuza kuti vovo wagona, sakudzuka bwino. Bambo Likhutcha anangogwedeza mutu n'kupita kukaongola njinga zimene zinali zoongoka kale. Ndinawatsatira n'kuwapepesa. Anati ndisadandaule, ndinanena zoona, kungoti ndinazinena mokweza.

Loweruka anthu anachuluka kuposa poyamba, ena akusuzumira pawindo. Thu koloko tsamba linatseguka. Chithunzi chinkadukaduka, kenako chinakhazikika. Panali gogo wamng'ono thupi, wa mpango woyera ndi magalasi aakulu, atatsamira pa Ameliya. Anayang'anana. M'shopu munali zii, moti tinkamva makondakitala akuitanira za Limbe panja. Kenako gogoyo analankhula mawu ochepa, ouma, ndipo a Mangani, amene mayi awo anali Mlomwe, anatimasulira monong'ona.

"Akuti vula chipewa."

Anavula. Kwa ambiri a ife kanali koyamba kuona mutu wawo.

"Akuti tembenuka. Mbali inayo. Akuti yandikira."

Khutu lawo lakumanzere linali long'ambika chapamwamba, bala lakalekale. Tinadzamva kuti galu wa mnansi wawo anathamangitsa Rozalina ali wamng'ono, iwo n'kudziponya pakati. Anayandikira, n'kuyandikirabe, mpaka pa kagawo ka sikirini koonetsa mbali yathu panadzaza khutu lokhalokha. Kutaliko gogo uja anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Kenako analiza nthungululu yoti simungakhulupirire kuti ikuchokera mwa munthu wodwala mtima, n'kuwaitana ndi dzina laubwana limene tonse sitinalimvepo. Azimayi a nthochi analandira nthungululuyo, inatuluka pakhomo, inakafika pasiteji. Bambo Likhutcha anaimirira, misozi ili chuchuchu, n'kuponda masitepe angapo a tchopa ndi miyendo yotupa ija, chipewa chili m'manja.

Chisangalalo chisanathe gogoyo anayamba kuloza chala.

"Akuwakalipira," anatero a Mangani, akufwenthera. "Akuti unati ubwera mvula isanagwe. Akufunsa kuti mvula yake iti."

Tinaseka tonse, iwonso anaseka, akupepesa ngati kamnyamata. A Mangani anati maso awo akuvuta chifukwa cha chimfine. Za batani lobiriwira sanavomerepo kuti analakwa, koma mpiringidzo sanaukhudzenso, ndipo zigoli anayamba kumvera pa wailesi.

Ola litatha, anthu akadali m'chikondwerero, ndinawaona madalawo akubwerera pa kompyuta. Anachotsa tsambalo pa mndandanda wa odalirika. Ndinawafunsa ngati mlongo wawo yemwe sakumukhulupirira. Anati mlongo wawo akumukhulupirira, koma mlendo akatuluka geti limatsekedwa, ndipo Loweruka adzatsegulanso.

Anatero pafupifupi zaka ziwiri, Loweruka lililonse magetsi akakhalapo. Rozalina sanamwalire. Ameliya ankati vovo amadwala masiku ena onse, koma Loweruka amakana. Ankaonetsana zidzukulu, ankawerengerana amene anamwalira ndi amene atsala, ankakangana za mtengo wa mango wa kwawo, wina akuti unali kumanja kwa nyumba, wina akuti kumanzere. Tsiku lina anamuonetsa chinanazi cha kuno pa kamera, gogoyo n'kunena kuti za ku Nampula n'zazikulu kuposa pamenepo. Madalawo anakwiya nazo mpaka Lachiwiri. Sindinaonepo munthu wokondwa ngati mmene analili zaka ziwiri zimenezo, ndipo ndikuthokoza kuti zinachitikira m'shopu mwanga.

Bambo Likhutcha anadwala masiku anayi okha, kwa mwana wawo, n'kumwalira. Uthenga ndinamuuza Ameliya pafoni tsiku lomwelo. Lachisanu, titaika kale maliro, anandiimbira. Anati wayesetsa kufotokoza, koma vovo akuti za pafoni sazilandira. Akufuna aone ndi maso.

Loweruka ndinaitana a Mangani. Ndinatsegula buku lija, ndinalemba adiresi pa mndandanda monga mwa malangizo a pensulo, ndipo kabokosi katafunsa ndinawerenga dzinalo mokweza, ngakhale panalibe wondiuza kutero. Kenako ndinachoka pampandopo n'kukaima pambali.

Gogoyo anatulukira, mpango woyera, magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Sanalire pomwepo. Anayamba kulankhula motsitsa, molunjika pa kamera, ngati munthu akulangiza wapaulendo. A Mangani anamasulira chiganizo choyamba, chakuti wachokanso osatsanzika bwino, kenako mawu anawathera, ndipo sindinawakakamize. Gogoyo analankhula mpaka ola linatha.

Chimene ankayang'anacho ndi mpando wapulasitiki wobiriwira, umene mwendo wake umodzi anaumanga ndi mphira. Pampandopo pali katoni yopindidwa pawiri, yophwatalala pakati. Makasitomala akachuluka amaima kudikira makompyuta atatu enawo, ngakhale sindinaletse munthu kukhalapo. Kuseri kwa mpandowo, pakhoma loyera, pali banga lakuda lozungulira, pamene ankatsamiritsa mutu mlongo wawo akayamba nkhani yaitali. Kamera imaloza pabangapo ndendende, chifukwa anaimangirira ndi waya molingana ndi msinkhu wawo, ndipo wina aliyense akakhalapo imamudula chipumi. Wayayo sindinaimasule.